Msana unkafuna polimba, phewa linkafuna pofewa: mmene ndinasankhira matiresi a latex

Ndakhala ndikusoka kuno ku Johannesburg kwa zaka 9. Makatani, madiresi a zinkhoswe, mayunifomu a ana asukulu, chilichonse chomwe chabwera ndimalandira. Amene anakhalapo pa makina osokera tsiku lathunthu akudziwa mmene thupi limamvekera ikamakwana 5 koloko madzulo. Mutu wazyolika kuyambira m'mawa, dzanja lamanja likukankha nsalu, phazi lili pachopondera. Kuphwanya kwa masana ndinakuzolowera kalekale. Chomwe chinandifoola ndi cha usiku.

Ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, mkono wamanja utachita dzanzi mpaka kuzala, phewa likuwotcha ngati wina waikapo khala la moto. Ndikatembenukira kumanzere, pakapita ola limodzi nakonso kwayamba. M'mawa sindinkadzuka ngati munthu wamba. Ndinkayamba ndakunkhulira m'mphepete mwa bedi, kutsitsa miyendo, kenako n'kudzikankha ndi chigongono, chifukwa m'chiuno munkakhala mutauma gwa. Kumanga duku kokha, kuja umakweza manja onse awiri kumbuyo kwa mutu, ndinkachita kulumira mano.

Matiresi amene tinkagonera anali a siponji, ndipo tinawagula titangofika kumene. Tsiku lina ndikusintha zofunda ndinatenga mpini wa tsache n'kuugoneka mopingasa pamwamba pake. Mbali yanga, pansi pa mpiniwo pankalowa zala zitatu. Mbali ya bambo a kunyumba pankalowa dzanja lonse. Yesani zimenezi kwanu musanawononge ndalama pa china chilichonse, chifukwa maso amanama koma mpini sunama. Ngati pakati pakumbika chigwa, chiuno chanu chimagwera mmenemo usiku wonse ndipo msana umagona utapindika.

Nditawadandaulira amayi pa foni, anandiyankha mmene amayi ambiri a kwathu angayankhire. "Mwanawe, tsika pansi. Yala mphasa ugone pasimenti. Msana umafuna polimba. Ife takula tikugonera mkeka, unatimvapo tikulira msana?" Mphasa kuno ndinalibe, choncho ndinayala mabulangete awiri pa matailosi. Unali mwezi wa June, ndipo amene akudziwa chisanu cha ku Joni amvetsa mmene pansipo pankazizirira. Ndinapirira masiku asanu. Kunena zoona, m'chiuno munapepukirako ndithu, amayi sananame. Koma phewa linafika poti kukweza ketulo ya madzi kunkandikanika.

Pamenepo ndinalakwitsa kuwerenga chimene thupi linkandiuza. Ndinaganiza kuti vuto ndi kuzizira kwa pansi, osati kulimba kwake. Ndinapita ku sitolo ina ya mipando n'kunena kuti ndikufuna matiresi olimba kuposa onse. Mnyamata wogulitsa anandionetsa ena olembedwa kuti orthopaedic, nati awa ndiwo a anthu a msana. Ndinakhala m'mphepete mwake, ndinadinikiza ndi chikhatho, ndinamva kuti ndi thabwa lenileni, mtima n'kukhala pansi. Tinalipira pang'onopang'ono kwa miyezi itatu. Atafika kunyumba, bambo a kunyumba, omwe ndi ojintcha ndipo amagona chagada, ankagona tulo tofa nato. Ine zinangokhala ngati ndabwerera pa matailosi paja. Mawu akuti orthopaedic pa matiresi ndi mawu a malonda. Sakutanthauza kuti dokotala wa mafupa anawayeza n'kupeza kuti akugwirizana ndi thupi lanu.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa physiotherapy, awa othandiza minofu ndi mafupa ndi masewera olimbitsa thupi, amene a kuchipatala ananditumiza kwa iye. Atandipinda mkono uku ndi uku, anandifunsa funso lomwe wogulitsa uja sanandifunse: "Mumagona bwanji? Chagada, chammbali kapena chafufumimba?" Ndinati chammbali, kuyambira ndili mwana. Anandigoneka chammbali pa kabedi kake koyezera kaja, n'kulowetsa dzanja lake pansi pa nthiti zanga, chakumunsi kufupi ndi chiuno. Dzanjalo linadutsa popanda chotchinga. Anati taonani, thupi lanu lonse latsamira malo awiri okha, phewa ndi fupa la m'chiuno, pakati pali lende. Pamalo polimba kwambiri, phewa la munthu wogona chammbali lilibe kolowera, ndiye limafinyika usiku wonse pamodzi ndi minyewa ndi mitsempha yodutsa pamenepo. Pamalo pofewa kwambiri kapena pokumbika, chiuno chimamira n'kukoka msana. Ndiye kuti mavuto anga awiri ankafuna zinthu ziwiri zosiyana. Msana unkafuna chouchirikiza pansi, phewa linkafuna pomira pamwamba.

Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wina wa ku Spain amene anasindikizidwa mu magazini ya madokotala ya The Lancet m'chaka cha 2003. Anatenga anthu 313 odwala msana wa nthawi yaitali, ena n'kuwapatsa matiresi olimba kwambiri, ena olimba mwapakatikati, osawauza kuti alandira ati. Patatha masiku 90, amene ankagonera apakatikati aja ndiwo anapezako bwino kuposa anzawo, pogona ngakhalenso podzuka. Kafukufukuyu ankayang'ana za kulimba, osati za latex, siponji ya mphira imene ndinadzasankha pambuyo pake, koma anandithandiza kuchotsa m'mutu chikhulupiriro choti cholimbitsitsa ndicho mankhwala.

Latex ndinakumana nayo kuntchito. Kasitomala wina amene ndimamusokera makatani anabweretsa chinthu chokulungidwa ngati mkeka, nati ndimusokere chikuto cha zipi. Pochinyamula ndinadabwa, chinali cholemera kuposa siponji ya saizi yomweyo mwina katatu. Titachitambasula patebulo lodulira nsalu, chinali choyera motuwira ngati mkaka wa chambiko, chili ndi timabowo tambirimbiri m'mizere, tokwana chala cha kanise. Fungo lake linali la mphira koma losaboola mphuno. Ndinadinikiza ndi chigongono, chinalowa bwinobwino, ndipo nditachotsa chinabwerera nthawi yomweyo osasiya dzenje. Nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, ndinachiyala pansi kuseri kwa makina n'kugonapo chammbali. Phewa linamira, chiuno chinamira pang'ono, ndipo mpata uja wa pansi pa nthiti unadzaza. Ndinagona pamenepo mpaka ndinamva anzanga akutsegula chitseko.

Chomwe chinandikhudza mtima n'chakuti chinthuchi sichachilendo kwa ife. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo ndili mtsikana tinkakwera basi ya msewu wa m'mbali mwa nyanja popita ku Mzuzu. Ukadutsa Chintheche kulowera ku Nkhata Bay umalowa m'nkhalango ya mitengo yobzalidwa m'mizere, ya esiteti ya Vizara, ndipo m'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa mipira ya mphira akuidundadunda kuti uone mmene ikunjanjira. Pa thunthu la mtengo uliwonse pamakhala potemedwa mopendekera ndi kakapu kolandira utomoni woyera ngati mkaka. Utomoni umenewo ndiwo latex. Mtengowo dzina lake la sayansi ndi Hevea brasiliensis, ndipo unachokera ku South America, koma masiku ano mphira yambiri ya padziko imachokera ku Thailand ndi Indonesia. Popanga matiresi amaupuntha utomoniwo mpaka uchite thovu, amauthira m'chikombole chokhala ndi tizitsulo toimirira, n'kuuphika. Tizitsulo timeneto ndi timene timasiya timabowo tija.

Nditayamba kufufuza zogula, ndinapeza kuti mawu akuti latex pa chikwangwani angathe kubisa zambiri. Sitolo ina inandionetsa matiresi okongola olembedwa latex ndi zilembo zazikulu, mtengo wake wopepukirapo. Nthawi ino ndinali nditaphunzira kuti safunsa anadya phula. Ndinafunsa kuti latexyo ndi yochindikala masentimita angati. Wogulitsa anazungulirazungulira, kenako anakatenga kachidutswa kachitsanzo kodulidwa pakati. Latex inali kamzere kopyapyala kosakwana masentimita awiri, koikidwa pakati pa siponji wamba. Kamzere kotero phewa silingakamve n'komwe. Muzipempha kuona kachidutswa kameneka nthawi zonse, ndipo ngati alibe, akulembereni papepala zimene zili mkati, chimodzichimodzi, ndi kuchindikala kwake.

Funso lachiwiri ndi loti latexyo ndi ya mumtengo kapena ya m'fakitale. Ilipo yopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, imene amaitcha SBR, ndiponso ilipo yosakaniza ziwirizi. Yosakanizayo si yoipa, ndipo imatsika mtengo, koma musailipire mtengo wa yachilengedwe. Ogulitsa oona mtima amatchula peresenti yake. Ena amakhala ndi ziphaso monga GOLS, chomwe chimatsimikizira kuti latexyo ndi yochokera ku mitengo yolimidwa mwachilengedwe, kapena OEKO-TEX, chomwe chimaonetsa kuti inayezedwa kuti ilibe mankhwala oopsa. Chiphasocho chione ndi maso ako, osangomva pakamwa.

Ndiye pali mayina awiri amene anandizunguza mutu kwa sabata yathunthu, Dunlop ndi Talalay. Awa si makampani a matiresi amene ukusankhapo ayi, ndi njira ziwiri zopangira. Njira ya Dunlop ndi yakale, inayamba ku England m'chaka cha 1929. Amadzaza chikombole ndi thovu n'kuphika, ndipo zotsatira zake zimakhala zothinana, zolemera ndi zolimbirapo. Njira ya Talalay amathira thovu losadzaza, amatseka chikombole, amapopa mpweya kuti thovulo lifufume n'kudzaza paliponse, amaliumitsa ndi chisanu choopsa, kenako n'kuphika. Imeneyi imatuluka yawofuwofu, yopepukirapo, ndipo imadula. Nditazigwira zonse ziwiri ndi manja anga ndinamvetsa chifukwa chake ambiri amaika Dunlop pansi kuti ichirikize, n'kuika yofewa pamwamba. Kulimba kwake amakulemba m'njira ziwiri. Ena amalemba kulemera, manambala ngati 65, 75 kapena 85, kutanthauza makilogalamu pa kiyubiki mita imodzi, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti ikulimbanso. Ena amalemba ILD, nambala yoonetsa mphamvu imene imafunika kuti uidinikize, yomwenso ikakwera ndiye kuti ndi yolimba. Mawu oti soft, medium ndi firm okha musawadalire, chifukwa medium ya sitolo ino ikhoza kukhala firm ya sitolo inayo.

Tsiku lokayesa tinapita awiri, Loweruka m'mawa. Ndinavala thalauza ndi chitenje pamwamba kuti ndigone momasuka, ndipo ndinatenga pilo yanga ya kunyumba m'chikwama. Manyazi ogona m'sitolo anthu akudutsa ndinawasiya pakhomo. Pa matiresi alionse ndinkagona chammbali mphindi 15, chifukwa mphindi ziwiri zoyambirira chilichonse chimakoma. Bambo a kunyumba ankagwada kumbuyo kwanga n'kujambula msana ndi foni, kenako tinkayang'ana limodzi ngati mzere wochokera pakhosi kufika kumchira uli wowongoka. Pa ofewetsetsa, chithunzi chinaonetsa chiuno chitamira, msana utapindika ngati uta. Pa olimba, phewa linali litakwera kufika kukhutu. "Amayi, apa ndiye pawongoka," anatero titafika pa achitatu, ndipo ine ndinali nditamva kale m'thupi asananene. Iwonso anagona chagada, ine n'kulowetsa dzanja pansi pa chiuno chawo. Linalowa mothina, osati mopyola, ndipo chimenecho ndicho chimafunika kwa wogona chagada.

Tinatenga a saizi ya queen, yomwe kuno ndi masentimita 152 m'lifupi ndi 188 m'litali. Pansi pali Dunlop yolimbirapo ya masentimita 15, pamwamba pali yofewa ya masentimita 5, zonse m'chikuto cha zipi. Zipiyo ndinaiumirira dala, mwina chifukwa ndine telala. Ukatha kutsegula umaona ndi maso chimene wagula, ndipo gawo lapamwamba likadzatopa umangosintha lokhalo. Ndalama zake zinali zambiri kwa anthu ngati ife, sindibisa. Tinadikira mpaka inakwana nthawi yanga yolandira ku chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, n'kuphatikiza ndi zomwe tinapeza titagulitsa a orthopaedic aja. Tisanalipire ndinapempha kuti andilembere masiku oyesera, ndani adzalipire galimoto tikafuna kubweza kapena kusintha, ndiponso kuti chitsimikizo chawo chimayamba kugwira ntchito matiresi akakumbika masentimita angati. Mfundo yomalizayi ambiri saifunsa, koma ndi imene imadzavuta patsogolo.

Masiku oyambirira sanali okoma monga ndinkayembekezera, ndipo ndikufuna ndinene zimenezi momveka kuti wina asadzataye mtima msanga. Dzanzi la mkono linatha usiku wachitatu. Koma kunabwera kuwawa kwa khosi kumene kunalibe kale. Ndinakhumudwa kwambiri, ndinaganiza kuti ndataya ndalama kachiwiri. Nditabwerera kwa mayi wa physiotherapy uja anandifunsa ngati ndasintha pilo. Sindinasinthe. Pa matiresi olimba aja phewa silinkamira, choncho ndinkafuna pilo yaitali yodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi bedi. Tsopano phewa likumira, mpatawo wachepa, ndipo pilo yomweyo inkakankhira mutu m'mwamba. Ndinaisomola mbali imodzi, ndinachotsamo thonje lodzaza manja awiri, n'kusokanso. Khosi linasiya pasanathe sabata. Anandiuzanso kuti ndiziika kapilo kena pakati pa mawondo ndi kukumbatira ina pachifuwa, kuti mkono wapamwamba usamagwere kutsogolo n'kukoka phewa. M'chiuno munatenga pafupifupi milungu itatu kuti muzolowere.

Pali zinthu zina zimene wogulitsa sangakuuzeni pokhapokha mutafunsa. Latex ndi yolemera ndipo ilibe msana, imalendewera ngati nyama yaiwisi mukainyamula. Pokweza masitepe a pafulati pathu, mnyamata wina anaikoka pakona ndi zala n'kung'amba kachidutswa. Inyamuleni ili m'chikuto, muikumbatire, musaitsine. Bedi lake likhale lolimba. Lathu linali ndi matabwa otalikirana kwambiri moti matiresi akanamalowa m'mipata, ndiye bambo a kunyumba anakhomerapo matabwa ena kuti mpata usapitirire masentimita 7. Mipatayo isatsekedwenso yonse, chifukwa pansi pamafunika mpweya, apo ayi pamachita chuku. Miyezi ingapo iliyonse timatembenuza kumutu kupita kumiyendo.

Ndipo china chomwe chimatsutsana ndi chizolowezi chathu: latex siyanikidwa padzuwa. Kwathu matiresi timawatulutsa panja kuti aume ndi kuti nsikidzi zithawe. Mlamu wanga atabwera kudzacheza, mwana wake atakodzera pabedi, ndinamupeza atatsegula kale zipi akukokera gawo lapamwamba ku khonde. Ndinati, "Alamu, pepani, imeneyo ikaona dzuwa imauma n'kuyamba kufumbutuka ngati buledi wagonera." Mphira ya mumtengo imatero, taonani malegeni akakhalitsa padzuwa mmene amathetheka. Tinapukuta ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, n'kuumitsa m'nyumba mawindo ali otsegula. Tsiku lotsatira ndinasoka chotchinga chosalowa madzi choyala pansi pa shiti.

Za kutentha, ine ndaona kuti latex siisunga thukuta ngati siponji ina yotchedwa memory foam imene ndinagonerapo kwa mnzanga. Memory foam imafewa ndi kutentha kwa thupi, umamira pang'onopang'ono, ndipo potembenuka umachita ngati ukutuluka m'matope. Kwa munthu wa phewa lowawa amene amatembenuka kawirikawiri, zimenezo zinandivuta. Latex imakukankha pang'ono potembenuka. Ena kunjanja kumeneko sakukonda, choncho yesani nokha.

Chenjezo limodzi ndilinene mosapsatira. Ngati magolovesi a mphira a kuchipatala, mabaluni kapena makondomu amakutulutsani zidzolo, kukutupitsani kapena kukubanikitsani, musagule latex yachilengedwe musanalankhule ndi dokotala. Komanso si ululu uliwonse umene ndi wa pogona. Msana ukamawawa limodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, pitani kuchipatala msanga, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Miyendo ikamafooka, mukamachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo ukamakuvutani kuugwira kapena kuutulutsa, musadikire kuti kuche. Phewa kapena mkono wamanzere ukamawawa pamodzi ndi kuthina pachifuwa ndi phuma, umenewo ukhoza kukhala mtima.

Papita chaka ndi miyezi inayi tsopano. Sindinganene kuti ndinachiriratu. Sabata imene tili ndi maoda a ukwati, phewa limandikumbutsabe kuti lilipo. Ndimachitabe masewera amene anandiphunzitsa, kukoka lamba wa mphira womangirira pachitseko m'mawa uliwonse, ndipo mpando wa pamakina ndinaukweza ndi kathabwa kuti zigongono zisamalendewere. Koma ndimagona mpaka alamu, ndimadzuka mowongoka, ndipo duku ndimamanga osaganizako.

Kwa amene ndalama za matiresi athunthu sizingapezeke, njira ilipo, ndipo ndi yomwe ndikanayamba nayo ndikanadziwa. Ngati matiresi anu ndi olimba koma sanakumbike, gulani gawo lapamwamba lokha, lija amati topper, la masentimita 5 kapena 7, muyale pamwamba. Ndikanachita zimenezi pa a orthopaedic aja, bwenzi nditapulumutsa ndalama zambiri. Koma pa matiresi okumbika kale sizithandiza, latex imangotsatira chigwacho.

Mwezi wa December wapitawu ndinagula topper ya bedi laling'ono, ndinaisokera chikuto cha nsalu yolimba, tinaikulunga n'kuimanga ndi zingwe, n'kuipatsira pa basi yopita ku Lilongwe. Mchimwene wanga anakailandira n'kupita nayo ku Nkhotakota. Amayi tsopano ali ndi zaka 71, ndipo nyamakazi ya m'chiuno inayamba kuwalanda tulo pa siponji yawo yolimba ija. Ndinawatumizira uthenga wa mawu katatu konse wonena kuti asaiyanike padzuwa ndipo asaiyale pansi pasimenti, chifukwa kunyanja chinyontho n'chambiri. Patatha milungu iwiri anandiimbira m'mamawa, ine ndikukonzekera kupita kuntchito. Anafunsa za ana, anandiuza za mvula ndi mtengo wa feteleza, kenako anati, "Chija unatumizachi, akuti n'chopangidwa ndi utomoni wa mitengo ya ku Vizara ija?" Ndinati mtengo wake ndi womwewo, ngakhale ichi chinachokera kutali. Anakhala chete pang'ono. "Azakhali ako anagona kuno Lachiwiri, ndinawasiyira bedi. Akuti uwafunsire mtengo."